Ndeke ya Maminiti Fifitini

Minibasi inawatsitsa pafupi ndi siteshoni ya sitima ya ku Kafue dzuwa litapendeka kale. Dainess anatsika koyamba, chikwama cha mankhwala chili paphewa, n'kutembenuka kuti agwire dzanja la bambo ake. Anali atanyamuka nawo m'mamawa kupita kuchipatala chachikulu ku Lusaka, monga ankachitira mwezi uliwonse chiyambire pamene shuga inayamba kuwadya maso. Pobwerera anaima nthawi yaitali pa Makeni, anaimanso pa Chilanga, ndipo msana wake unali utauma ngati thabwa.

"Tiyeni, ba tate, tikapumule."

"Yembekeza," anatero Ba Nkhuwa. Anali atamva mawu a anzawo awiri, Ba Oliver ndi Ba Gideon, amene anagwira nawo ntchito ya njanji zaka zambiri. Madalawo ankasewera drafuti ndi zitsekerero za mabotolo pansi pa mtengo. "Nipase foni yako. Nifuna baone ija vidiyo."

Dainess anapereka foniyo mosafuna. Vidiyo imeneyo anali ataionera anthu kutchalitchi, kumsika, ngakhale pamzere wa kuchipatala m'mawa womwewo. Inali ya mng'ono wake Rachael, amene ankagwira ntchito pahotela ina kuzilumba za Seychelles. Anali atakhala pawindo la kandege kakang'ono, akumwetulira, pansi pake madzi obiriwira osaoneka malire.

"Onani mwana wanga!" anatero Ba Nkhuwa, ngakhale iwowo ankangoona chimbuuzi. "Apa achoka pa chilumba chake cha Pulalini, ayenda pa chilumba china, Mahe. Kuja kulibe va minibasi. Ukafuna kuyenda mu tauni, ni ndeke chabe."

"Awe, mwabala imwe," anatero Ba Oliver akuyandikiza foni kumaso. "Ise zaka sate pa njanji, kufika chabe ku Livingstone na ku Kitwe. Ka Rachael kamene kenze kutigulisa vitumbuwa, lelo kali pamwamba pa mitambo."

"Manje iyi ndeke iyenda maawazi angati?" anafunsa Ba Gideon.

"Maningi," anayankha Ba Nkhuwa mosakayika. "Ija ni nyanja, bamudala. Si mumana wa Kafue uyu wamene mujumpha na bwato."

Dainess anali chiimire padzuwa, chikwama chikumudula phewa. Palibe amene anamufunsa za ulendo wa ku Lusaka. Chikhalirecho ntchito ya hotela anaiyamba ndi iyeyo. Anagwira zaka zisanu paloji ina m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndiye anaphunzitsa Rachael kuyala bedi mpaka nsalu kuima ngati pepala. Chilengezo chofuna antchito kuzilumbako anachiona ndi iye. Koma chaka chimenecho amayi awo anamwalira, bambo maso anayamba kufa, ndipo wina anayenera kutsala. Ngakhale mwamuna amene ankamufuna anatopa n'kudikira, anapita ku Solwezi n'kukakwatira komweko.

Dainess analanda foniyo, nalemba mayina a zilumba ziwirizo n'kufunsa kutalika kwa ulendo. Yankho linabwera nthawi yomweyo. Analiwerenga kawiri, kenaka anaseka.

"Ba tate, ni maminiti fifitini chabe. Makilomita fote-fo. Ni chimozimozi na kuchoka pano kufika ku Lusaka, kwamene tachoka ise manje manje."

Anayembekezera kuti madalawo aseka. Koma Ba Nkhuwa anamenya ndodo yawo pansi mokondwa.

"Mwamvela? Njila yamene ise tavutika nayo maawazi awili, mwana wanga aidula mu maminiti fifitini! Ukayatsa mbaula, malasha yakalibe kugwila, yeve afika kudala!"

Onse anaseka, Ba Gideon mpaka kugwetsa zitsekerero. Dainess anabweza foni m'chikwama. Panjira yopita kwawo ku Nangongwe, bambo ake atapunthwa pamwala anawakoka dzanja mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira.

Koma panali chinthu chimene Dainess yekha ankachidziwa. Miyezi iwiri m'mbuyomo Rachael anamuimbira akulira. Madokotala anali atamupeza ndi zotupa m'chiberekero. Maulendo a ku Mahe aja sanali okaona tauni, anali akuchipatala, ndipo tsopano anali atamuuza kuti amuchita opaleshoni.

"Osauza ba tate, shuga izakwela," anatero Rachael tsiku limenelo. "Na Chimuka wanga osamuuza. Mubaziba bamai bake. Bakamvela chabe ati chibalilo, bazakamba ati sinizabala. Nizamuuza neka nikabwela, tili maso na maso."

Dainess analonjeza, ndipo analira naye pafoni. Chisonicho chinali chenicheni. Kungoti chisoni ndi nsanje zinkagona m'nyumba imodzi.

Lamlungu masana kunabwera Chimuka, bwenzi la Rachael. Anali mnyamata wa ku Chanyanya, kwa asodzi, koma iye ankawotcherera zitsulo pa kampani ina ku Industrial. Za malowolo zinali zitakambidwa kale, ukwati unali wa mu Disembala. Anabweretsa nsomba zouma m'pepala, ndipo atapeza kuti Ba Nkhuwa agona atadya nshima, anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi pamene Dainess ankatsuka mbale.

"Mulamu, onani." Anamuonetsa chithunzi pafoni. Linali bedi lachitsulo lokhala ndi maluwa opindidwa kumutu. "Nalipanga neka pa lanchi, pang'ono pang'ono. Akabwela apeze vonse vili mushe. Nasala chabe na mawindo ya nyumba."

"Ni labwino," anatero Dainess. Linalidi labwino. Anayang'ana manja a Chimuka, odzaza zipsera za moto, n'kuganiza kuti munthu ameneyu ankasiya kudya masana kuti apindire maluwa mkazi amene ali kutsidya kwa nyanja. Iye, amene anali pompano tsiku lililonse, panalibe womupindira ngakhale waya.

"Mwakamba naye lelo?" anafunsa Chimuka. "Aniuza ati ayenda futi ku Mahe, va mapepala ya nchito. Ati azankhala masiku atatu olo folo, foni izankhala yozima. Aka ni kachitatu manje. Kaya, kapena ni kutali maningi."

Dainess anapitiriza kukwecha poto. Akanatha kungoti, "Ee, ni kutali." Mawuwo anali pafupi. Koma amene anatuluka anali ena.

"Kutali? Ndani anakuuza?"

"Nanga si ni chilumba china?"

"Ni maminiti fifitini na ndeke. Makilomita fote-fo, monga Kafue na Lusaka. Na ndeke ziyenda kambili pa siku, kuseni mpaka mazulo." Anatsanulira madzi m'poto, osamuyang'ana. "Iwe ukayenda ku Lusaka kusainisa pepala, umagona masiku atatu?"

Foni ija inali ikadali m'manja mwa Chimuka, bedi likuwala.

"Kapena ali na bululu kuja, wachibale wamene ise sitiziba," anawonjeza Dainess.

"Mufuna kukamba chani, mulamu?"

"Ine? Sinakambe kanthu. Nikamba chabe va ndeke."

Chimuka anayang'ana pansi. Kenaka analemba pafoni yake, nafufuta, nalembanso.

"Ichi chilumba chake bachilemba bwanji?"

Dainess anapukuta manja pachitenje n'kumulembera yekha. Mnyamatayo anawerenga zimene zinatuluka, nkhope yake inagwa. Anaimirira osadikira tiyi.

"Mubapase moni ba tate bakauka."

Atapita, Dainess anamva kupepuka kwachilendo, ngati munthu amene wakanda pamene pamamuyabwa kwa nthawi yaitali. Anaphika nsomba zija ndi tomato wambiri, mpaka anaimba nyimbo akusonkhezera moto. Koma pofika Lolemba kupepukako kunali kutatha. Anakumbukira kuti tsikulo ndi limene Rachael ankalowa m'chipinda cha opaleshoni. Anadziuza kuti sananame. Ndege inalidi ya maminiti fifitini, aliyense akanatha kudzionera pafoni. Anabwereza zimenezi kambirimbiri pokonza milu ya tomato pamsika, koma mtima sunavomere.

Lachitatu masana foni inalira ali pabenchi lake la malonda. Linali dzina la Rachael. Anaisiya kulira kanayi asanayankhe.

"Iwe Rachael, vayenda bwanji? Nenze kupemphela."

"Vayenda mushe, ba sisi." Mawu ake anali ofooka, akutuluka limodzilimodzi. "Bachosa vonse. Dokota akamba ati chibalilo chili chabe bwino."

"Mulungu ni mukulu."

"Ee. Dzulo nayatsa foni, nikali na dripu pa kwanja. Napeza mamesiji twente ya Chimuka. Afuna nimuuze zina la mwamuna wamene nigona naye ku Mahe."

Dainess anayang'ana ntchentche imene inkayenda pamulu wa tinsomba ta kapenta.

"Aniuza ati ndeke ni maminiti fifitini," anapitiriza Rachael. "Ati makilomita fote-fo, monga Kafue na Lusaka. Ba sisi, Chimuka chaka chonse alephela kukamba zina la chilumba changa. Aya mau ni ya ndani?"

"Ananifunsa chabe. Nenze kukamba va ndeke."

"Munaziba kwamene nenze."

Mayi wina anaima pabenchi n'kuyamba kutsina tomato. Dainess anamukodola kuti adikire, natembenukira kukhoma. Manyazi anasanduka ukali.

"Iwe uziba mwamene nikhalila kuno? Uziba kunyamula ba tate mu minibasi mwezi uliwonse, kuima pa laini kuchoka sikisi? Nikubasambika, nikubalasa nyeleti ya shuga, nikubaphikila vosiyana. Koma pa msika ponse ni Rachael, Rachael, mwana wanga ali mu ndeke. Ija nchito yenze yanga! Nine ninaiona!"

"Niziba."

"Suziba kanthu!"

"Niziba, ba sisi. Sembe munanitukana ine. Sembe munakamba ati bwela, nalema, ni nthawi yako manje. Sembe ninabwela." Rachael anapuma movutikira. "Kuno nilibe munthu. Ichi chinthu ninauza imwe chabe pa chalo chonse."

Foni inaduka. Dainess anaimbanso, koma sinayankhidwe. Atatembenuka anapeza mayi wa tomato uja atapita pabenchi lina.

Madzulo a tsiku lotsatira anatseka malonda msanga n'kuyenda wapansi mpaka ku Industrial. Anaima pageti pamene antchito ankaweruka, fumbi la malole likumuthira m'maso. Chimuka anatuluka pomalizira, ovolosi itamangidwa m'chiuno. Atamuona anaima patali pang'ono.

"Chimuka, nabwela kukuuza kuti Rachael alibe mwamuna kuja."

"Naziba kudala." Maso ake anali ofiira. "Anitumila mapepala ya ku chipatala. Na chithunzi cha bala, pali bandeji."

"Ndiye vasila, nkhani yatha. Mupemphe chabe akukhululukile."

Chimuka anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Vasila? Pa Chibili nenze ku Chanyanya. Mutu wenze wapya, ninauza ba mai vonse. Pamene Rachael anatuma foni, ninaika pa laudi kuti ba mai na ba anti bamvele mwamene azanamila. Ninamukalipila monga galu. Yeve alila, akamba ati nili mu chipatala, banichita opaleshoni ya chibalilo. Bonse banamvela."

Chimuka anapitiriza.

"Manje ba mai bakamba ati va Disemba tiyembekeze. Ati mukazi wamene banamung'amba pamimba akalibe kubala olo kamozi, tiziba bwanji? Ba anti bafika nayo kudala nkhani ku chechi."

"Koma dokota akamba ati ali bwino!"

"Muziba kuti ba mai bamvela va dokota?"

"Nanga iwe ukamba chani?"

"Ine nimufuna. Olo abale, olo asabale. Koma foni yanga sayankha." Anapukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi, kenaka anamuyang'ana molunjika. "Mulamu, nifunseko chimozi. Ija Sande, pamene munanilembela zina la chilumba, munaziba kuti ayenda ku chipatala?"

Dainess anafuna kunena kuti ankangoganizira, kapena kuti anali ataiwala tsiku. Lole ina inadutsa, anadikira kuti phokoso lithe.

"Ninaziba."

Chimuka anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Imwe munanola mupeni, ine chisilu ninalasa nao. Manje madzi yataika, niuzeni mwamene bawolela."

Sanadikire yankho. Anawoloka msewu n'kukwera minibasi yoyamba imene inaima.

Masiku otsatira Dainess anatumiza mauthenga asanu kwa Rachael. Onse anawerengedwa, palibe limene linayankhidwa. Kunyumba ankagwira ntchito zake monga kale. Bambo ake atapempha foni kuti akaonetse vidiyo ija kwa mlendo wa kutchalitchi, anawauza kuti batire latha.

Lamlungu lililonse nthawi ya folo Rachael ankaimbira bambo ake pafoni ya Dainess. Tsikulo Ba Nkhuwa anavala jekete lawo n'kukhala pakhonde nthawi isanakwane, monga mwa chizolowezi. Folo inakwana, inapitirira. Dainess anali ataika foni patebulo, koma inangokhala chete.

Kenaka kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a Ba Gwendolyn, aneba awo.

"Ba Nkhuwa! Bwelani kuno, mwana wanu ali pa foni yanga!"

"Pa foni yanu?" anadabwa mkuluyo, koma anatola ndodo. Dainess anaimirira kuti awagwire dzanja.

"Akamba ati babwele beka," anatero Ba Gwendolyn, akuyang'ana kumbali. Anatuluka pageti n'kudzawatenga okha.

Dainess anatsala pakhonde. Mawu a bambo ake ankamveka kuseri kwa mpanda, akuseka, akufunsa ngati kumeneko kukugwa mvula. Anamvetsera kuti amve dzina lake, koma silinatchulidwe. Patapita theka la ola Ba Gwendolyn anawabweretsa n'kuwakhazika pampando.

"Ali bwino," anatero Ba Nkhuwa anebawo atachoka. "Koma mau yake yamveka yolema. Ati ni chifuwa." Anasisita mutu wa ndodo. "Akamba ati foni yako ili na vuto, simamveka mushe. Ati kuyambila manje azayamba kutuma kwa Ba Gwendolyn. Uipeleke ku tauni baikonze."

Dainess anazindikira kuti mng'ono wake sanamuulule. Anali atamusiyira khomo lotseguka. Akanangoti "nizaipeleka," nkhani ikanathera pomwepo, ndipo za Disembala bambo ake akanadzazimva kwa ena, mwina osadziwa n'komwe pamene moto unayambira.

Anatsika pampando n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Foni ilibe vuto, ba tate."

Anawauza zonse. Anayamba ndi matenda a Rachael, ndipo anafulumira kunena kuti opaleshoni inayenda bwino. Kenaka ananena za Chimuka, za mbale zimene ankatsuka, za mawu amene anasankha, ndi zimene zinachitika ku Chanyanya. Sanadzichepetsere mlandu.

Ba Nkhuwa analozetsa maso awo otuwa kumsewu kumene ana ankathamangitsa tayala.

"Mwana wanga banamung'amba ali yeka," anatero pomaliza. "Na ine nili pano niseka."

"Nikhululukileni, ba tate."

"Si ine unalasa."

Dainess anawerama. Anamva dzanja la bambo ake likufufuza m'mwamba, mpaka linapeza phewa lake. Silinamusisite, linangokhala pamenepo, lolemera.

"Walema, Dainess?"

Funso limenelo palibe anali atamufunsapo zaka zinayi zonsezo. Misozi inatsika, anangovomera ndi mutu. Atakumbukira kuti saona, anayankha ndi mawu.

"Nalema, ba tate."

"Ivo tizakamba. Ni nkhani yanga na iwe, nili na mulandu pamenepo." Anachotsa dzanja lija. "Koma mailo kukacha usayende ku msika. Mbeba ya manyazi inafela ku una. Tiyenda ku Chanyanya."

"Kuchita chani?"

"Ine nizakamba na bamai bake Chimuka va mwana wanga, monga tate. Iwe uzagwada, uzabauza na kamwa yako vamene waniuza pano. Na ba anti baja bankhalepo, bamvele kuti boza inachokela mu nyumba yathu."

"Bazaniseka, ba tate. Chanyanya yonse izaziba."

"Ee, izaziba. Va Rachael yaziba kudala."

"Nanga bakakana?"

"Bakakana, bakana. Ise tizayenda." Anagogoda ndodo pansi. "Nichisile shati yoyela, ija ya kolala yolimba."

Dainess anaimirira, napukuta m'maso ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kupita kukapala makala a m'mbaula kuti aike mu simbi.